Duwa limodzi, ntchito ziwiri: kufulula pale ale kuyambira pa chimera

Tengani kaduwa kouma ka hops, chomera chimene maluwa ake amathiridwa mu mowa, mukafikise m'manja mpaka katenthe, kenako mununkhize. Zikhatho zimatsala zomata, zili ndi kaufa kachikasu, ndipo fungo limene limakulasani m'mphuno limakhala la khungu la lalanje, utomoni wa paini, mwinanso udzu wongomweta kumene. Kaufa kameneko dzina lake ndi lupulin. Aliyense wofulula pale ale, mowa wa balere wooneka wagolide ndi wonunkhira hops, kunyumba kwake amalimbana ndi funso limodzi: fungo lili m'manjali likafika bwanji m'tambula pakatha milungu inayi kapena isanu, osathawa panjira?

Oyamba kumene amaganiza kuti yankho ndi kuthira hops ambiri. Inenso ndinkatero, mpaka nditawononga hops okwanira mafululidwe awiri pa mowa umodzi umene unatuluka wowawa ngati mankhwala, wopanda ndi kafungo komwe. Vuto silinali kuchuluka kwa hops. Duwa limeneli limagwira ntchito ziwiri, kuwawitsa ndi kununkhiritsa, ndipo ntchito ziwirizi sizimwerana madzi. Chimene chimatulutsa kuwawa ndi chomwecho chimene chimapha fungo. Koma tisanafike pamenepo, tiyambe ndi chimera, chifukwa hops amafuna pokhala.

Pali njira ziwiri zopezera madzi otsekemera amene yisiti imasandutsa mowa, madzi amene ofulula amawatcha wort. Njira yachidule ndi kugula manyuchi kapena ufa wa chimera umene fakitale inakonza kale, n'kungosungunula m'madzi. Njira inayo, yotchedwa all-grain, ndi yoyambira pa njere zenizeni: mumaphwanya chimera cha balere, kuchiviika m'madzi otentha, n'kutulutsa shuga nokha. Imatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku lofulula, pamene inayo imatha pa maola awiri kapena atatu. Nanga munthu n'kudzivutitsiranji? Chifukwa mukagula manyuchi aja, wina anakusankhirani kale kuti mowa wanu udzakhale wolemera kapena wopepuka m'kamwa, wotsekemera kapena wouma, ndipo kawirikawiri amaderako chifukwa anaphikidwa kale. Pale ale wabwino amafuna thupi loyera, lopepuka, losatsekemera kwambiri, kuti hops amveke. Zimenezi mumazipeza mthiko ukakhala m'manja mwanu.

Chimera cha balere chimapangidwa ponyika njere m'madzi, kuzisiya zimere masiku anayi kapena asanu, kenako n'kuziumitsa ndi mpweya wotentha zisanamalize chakudya chimene zili nacho. Njere ikamamera imadzutsa maenzayimu oti aphwanye sitachi yake kuti kamera kadye. Wopanga chimera amaimitsa ntchitoyi pakatikati, maenzayimu ali okonzeka, sitachi ikadalipo. Akaumitsa ndi moto wofatsa, chimera chimakhala chotuwa ndipo maenzayimu amapulumuka. Kalekale ku England chimera chinkaumitsidwa pa moto wa nkhuni kapena udzu, chimene chinkachititsa kuti chizikhala chakuda ndi chonunkha utsi. Atayamba kugwiritsa ntchito makala a malasha otchedwa coke, amene satulutsa utsi wambiri, m'pamene chimera chotuwa chinayamba kupezeka chochuluka, ndipo dzina loti pale ale linachokera pamenepo. Mu 1784 John Richardson anaonetsa ofulula anzake kayezedwe ka shuga mu wort ndi kachipangizo koyandama, ndipo anthu anazindikira kuti chimera chotuwa, ngakhale chinali chodula, chimatulutsa shuga wambiri kuposa chakuda chija. Kachipangizo kameneko, hydrometer, tikadali nako mpaka lero.

Kuti nkhani isayende m'malere, tiyeni tiganize za mowa wa malita 20. Mufunika makilogalamu 5 a chimera chotuwa ndi magalamu 250 a chimera chotchedwa crystal, chimene anachiwotcha chili chonyowa mpaka shuga wake anaundana m'kati. Crystal amapatsa mowa mtundu wagolide ndi kakutsekemera pang'ono. Ine ndimati pang'ono pomwepo mpokwanira. Mukachulukitsa, kutsekemera kwake kumalimbana ndi hops, ndipo mowa wotero umakalamba msanga.

Chimera amachiphwanya, sachigaya. Njere ing'ambike, m'kati mwake musweke tizidutswa, koma mankhusu atsale athunthu momwe angathere. Mankhusu amenewo ndiwo adzakhale sefa yanu. Mukachipera n'kukhala ufa, madzi sadzadutsa, ndipo tsiku lanu lidzathera pa kutokosa phala louma gwa ndi mthiko.

Tsopano phala lenilenilo, limene amalitcha mash. Apa m'pamene pagona luso la njira imeneyi. Mumatenthetsa malita 15 a madzi kufika pa madigiri 73, n'kuthiramo chimera pang'onopang'ono mukutakasa kuti pasakhale mibulu youma m'kati. Chimera chozizira chimatsitsa kutenthako, ndipo zonse zikasakanikirana muyenera kupeza madigiri 66 kapena pafupi pamenepo. Mukatero vundikirani, kulungani bulangete kapena gwiritsani ntchito bokosi losunga kutentha, n'kudikira ola limodzi.

Pa ola limenelo maenzayimu awiri amakhala ali pantchito. Woyamba, alpha-amylase, amadula unyolo wautali wa sitachi paliponse pamene wafika, ngati munthu wodula chingwe ndi chikwanje mosayang'ana. Amasiya zidutswa zazitali ndi zazifupi, ndipo amakonda kutentha kwa madigiri 68 mpaka 72. Wachiwiri, beta-amylase, ndi wadongosolo: amayambira kumapeto kwa unyolo n'kumabudula tizidutswa tofanana ta shuga wotchedwa maltose, amene yisiti imadya mosavuta. Iyeyu sapirira kutentha. Amagwira bwino pa madigiri 60 mpaka 65, ndipo mukapitirira pamenepo amayamba kufa msanga. Choncho mukasunga phala pa madigiri 64 kapena 65, beta amakhala ndi moyo nthawi yaitali, shuga wodyeka amachuluka, mowa umatuluka wouma ndi wopepuka. Mukalisunga pa 69 kapena 70, beta amafa ntchito isanathe, zidutswa zazitali zimene yisiti singadye zimatsala, mowa umakhala wolemera ndi wotsekemera. Kusiyana kwa madigiri pafupifupi asanu okha, koma lilime limakuzindikira. N'chifukwa chake pa zipangizo zonse, chimene sindilola kuti chikhale chokayikitsa ndi choyezera kutentha. Chiyeseni m'madzi a ayezi muone ngati chikuonetsa 0.

Phala likamayamba limakhala loyera ngati mkaka ndipo limakoma ufa. Pakatha mphindi makumi atatu, madzi apamwamba amayamba kuoneka mbee, ndipo mukalawa ndi supuni mumamva kutsekemera konga kwa uchi wosungunula. Ndafulula kambirimbiri, koma kusintha kumeneku kumandidabwitsabe.

Za madzi ndinene mwachidule, ngakhale ena amatha chaka akuwerenga za madzi okhaokha. Choyamba, klorini. Madzi a m'mipopi amathiridwa klorini, ndipo akakumana ndi zina za m'chimera amapanga fungo la mankhwala a m'chipatala limene silichoka. Kapiritsi kamodzi ka Campden kamachotsa klorini m'malita pafupifupi 75, ndiye theka lake likukwanirani. Chachiwiri, asidi wa m'phala. Maenzayimu amafuna pH, muyeso wa asidi, ya pakati pa 5.2 ndi 5.6, ndipo chimera chotuwa pachokha sichitsitsa pH mokwanira ngati madzi ali ndi laimu wambiri. Madontho a lactic acid amakonza zimenezi. Chachitatu ndi salifeti, mchere wina wosungunuka m'madzi. Tauni ya Burton upon Trent ku England inatchuka ndi pale ale m'zaka za m'ma 1800 chifukwa madzi a m'zitsime zake amadutsa m'miyala ya gypsum. Salifeti amapangitsa kuwawa kwa hops kumveka kwakuthwa ndi kouma, osati kwaphalaphala. Ofulula a kwina ataona zimenezi anayamba kuthira gypsum m'madzi awo, ndipo mpaka pano kuchita zimenezi kumatchedwa ndi dzina la tauniyo. Galamu imodzi ya gypsum m'malita 10 imawonjezera salifeti wokwana mamiligalamu pafupifupi 56 pa lita. Ngati madzi anu ndi ofewa, magalamu awiri kapena atatu pa malita 10 alionse amasintha mowa moonekeratu.

Ola likakwana, muyenera kulekanitsa madzi otsekemera ndi njere. Njira yakale ndi ya chidebe chokhala ndi sefa pansi ndi kampopi. Malita awiri oyambirira amatuluka a matope, ndiye mumawabweza pamwamba mofatsa mpaka mankhusu atakhazikika n'kuyamba kusefa okha. Kenako mumakhetsera mumphika, n'kutsuka njerezo ndi malita ena 16 a madzi a madigiri 75 mpaka 77 kuti shuga wotsalira atuluke. Musapitirire kutentha kumeneko, ndipo musatsuke mpaka dontho lomaliza chifukwa cha umbombo, poti mankhusu amayamba kutulutsa tannin, uja amakhakhalitsa lilime ngati tiyi wokhalitsa m'kapu. Njira ina, imene ofulula a ku Australia anaifalitsa m'zaka za m'ma 2000, ndi yoika chimera chonse m'thumba la nsalu yopyapyala mumphika umodzi womwewo, ndipo ola likatha mumangonyamula thumbalo n'kulisiya likhe. Akale ena ankainyoza kuti ndi ya aulesi. Mowa wake ndi wabwino chimodzimodzi, ndipo zotsuka zimachepa. Mulimonse, kilogalamu iliyonse ya chimera imamwa pafupifupi lita imodzi ya madzi yosabwerera, choncho mumphika muyenera kukhala malita pafupifupi 26.

Kuwiritsa kumatenga ola. Chenjerani ndi mphindi zoyambirira: mapuloteni amaundana, thovu limakwera mwadzidzidzi, ndipo mukangotembenuka kuti mutenge supuni, wort womata wasefukira pa chitofu chonse. Khalani pomwepo, dzanja lili pa moto. Thovu likagwa, siyani mphika uwire wosavundikira. Chimera chotuwa chimatulutsa chinthu chotchedwa DMS, chonunkha ngati chimanga chophika, ndipo chimachoka ndi nthunzi. Mukavundikira chimagweranso momwemo.

Tafika pa hops. Chomerachi, Humulus lupulus, ndi choyanga, ndipo ofulula amagwiritsa ntchito maluwa a chomera chachikazi okha, ouma kapena operedwa n'kuumbidwa timibulu tobiriwira. Mu lupulin muja muli zinthu ziwiri. Muli utomoni wotchedwa alpha acid, ndipo muli mafuta onunkhira. Alpha acid momwe alili sasungunuka bwino m'madzi ndipo sawawa kwenikweni. Ayenera kuwiritsidwa kuti asinthe kapangidwe kake, ndipo akasintha m'pamene amasungunuka n'kuwawitsa mowa. Kusinthaku n'kochedwa: ngakhale mutawiritsa ola lathunthu, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, kapena kuposerapo pang'ono, ndi limene limafika mu mowa. Mafuta aja khalidwe lawo ndi losiyana kotheratu. Myrcene, linalool, geraniol ndi anzawo ndi opepuka, amauluka ndi nthunzi. Mukathira hops mumphika wowira, nyumba yonse imanunkhira mochititsa kaso, aliyense wodutsa amayamikira. Fungo limenelo ndi lanu limene likuthawa. Limene lili m'mphuno mwanu pa nthawiyo silidzakhala m'tambula.

Mapanga awiri avumbwitsa. Hops amodzimodziwo sangakupatseni kuwawa kokwanira ndi fungo lokwanira pa kuthira kumodzi, ndiye mumawagawa. Oyamba amalowa mphika ukangoyamba kuwira, ndipo ntchito yawo ndi kuwawitsa basi. Apa sankhani hops a alpha acid wambiri kuti muthire ochepa: magalamu 20 a mtundu wa 12 peresenti amapereka ma IBU pafupifupi 25. IBU ndi muyeso wa kuwawa, ndipo IBU imodzi ndi pafupifupi miligalamu imodzi ya utomoni wosinthika uja pa lita. Pale ale wa ku America nthawi zambiri amakhala pakati pa 30 ndi 50. Achiwiri, magalamu 30, amalowa kutatsala mphindi 10 kuti muzimitse moto. Amawonjezera kakuwawa pang'ono ndi kakomedwe. Achitatu, ndipo awa ndi amene ndimawadalira, amalowa moto utazima. Mumaziziritsa wort kufika pa madigiri 80 kapena kutsikirapo pang'ono, kuthira magalamu 60, kutakasa, kuvundikira, n'kusiya mphindi 20. Pa kutentha kumeneku utomoni umasintha pang'ono kwambiri, koma mafuta amasungunuka n'kukhala momwemo.

Mtundu wa hops nawo uli ndi mbiri yake. Ofulula a ku Ulaya kwa nthawi yaitali ankaona hops a ku America ngati amwano, a fungo lolusa, oyenera kuwawitsira basi. Mu 1972 ofufuza a boma la America ogwira ntchito ndi Oregon State University anatulutsa mtundu wotchedwa Cascade, wa fungo la manyumwa ndi maluwa. Kampani ya Anchor ku San Francisco inaugwiritsa ntchito mu Liberty Ale mu 1975. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola anthu kufulula mowa kunyumba, chinthu chimene ku Britain chinali chitaloledwa kale popanda laisensi mu 1963. Ndipo mu 1980 Ken Grossman, amene anayamba ngati wofulula wa kunyumba, anafulula Sierra Nevada Pale Ale ku Chico m'chigawo cha California, mowa wa 5.6 peresenti ndi ma IBU 38, wodalira Cascade. Mowa umenewo ndi umene ambiri amauyesa muyeso wa mtundu wonsewu. Pambuyo pake kunabwera Centennial, Simcoe, Citra ndi Mosaic, ena mwa iwo onunkhira ngati mango ndi zipatso zina za kotentha. Kwa woyamba ndimalangiza kuti afulule ndi mtundu umodzi wokha kaye. Mukasakaniza inayi musanaidziwe, simudzadziwa kuti chakusangalatsani n'chiti ndipo chakukhumudwitsani n'chiti.

Hops akhale atsopano. Paketi ikhale yotsekedwa mopanda mpweya, yosungidwa mufiriji yoziziritsa kwambiri. Mukatsegula n'kumva fungo la sokosi kapena tchizi chakale, tayani, musachite nawo chisoni.

Kuyambira pamene wort watsika pa kutentha kopha tizilombo, malamulo amasintha. Chilichonse chomukhudza, chidebe, chubu, supuni, ngakhale lumo lotsegulira paketi ya yisiti, chiyenera kukhala chotsukidwa kenako n'kuviikidwa m'mankhwala opha tizilombo. Kutsuka ndi kupha tizilombo ndi ntchito ziwiri, ndipo mankhwala sagwira pa chinthu cha litsiro. Wort ndi chakudya cha aliyense: mabakiteriya ndi yisiti zakuthengo zimamufuna ngati mmene yisiti yanu ikumufunira. Ziziritsani msanga, ndi paipi ya kopa yopindapinda yodutsitsa madzi ozizira kapena poika mphika m'beseni la ayezi, mpaka madigiri 18 kapena 19. Kenako tsanulirani m'chidebe chofululira, kusiya nsenga za hops ndi mapuloteni pansi pa mphika.

Tengani pang'ono muyeze ndi hydrometer. Madzi wamba amaonetsa 1.000, wort wathuyu aonetse pafupifupi 1.050. Lembani. Ndiyeno khutchumulani chidebecho mwamphamvu kuti mulowe mpweya, chifukwa yisiti imafuna okosijeni kuti iswane. Ikani chizindikiro pa mphindi imeneyi: ndi nthawi yokhayo pa ulendo wonse pamene mpweya ndi bwenzi. Kuchokera pano ndi mdani.

Yisiti ya mowa wotere ndi Saccharomyces cerevisiae ya mtundu wosatulutsa fungo lakelake lambiri, kuti isaphimbe hops. Paketi imodzi ya yisiti youma, ya magalamu 11 kapena kuposerapo pang'ono, imakwana malita 20 a mphamvu imeneyi. Tili ndi mwayi kuti tikhoza kugula mtundu umodzi wosasakanikirana. Zimenezi zinayamba mu 1883 pamene Emil Christian Hansen ku Copenhagen anapatula selo imodzi ya yisiti n'kuiswanitsa payokha. Pakatha maola 12 mpaka 24 pamwamba pamabwera thovu lochindikala ndipo kachipangizo ka pa chivundikiro kotulukira mpweya kamayamba kubwibwita. Masiku atatu oyambirira ndi amene amaumba kakomedwe ka mowa. Yisiti ikamadya imatulutsa kutentha, kotero m'chidebe mumatentha madigiri awiri, atatu kapena anayi kuposa m'chipinda. Mukalola kuti mufike pa 25 kapena kuposa, yisiti imathamanga, n'kutulutsa fungo la nthochi yakupsa kwambiri ndi ukali wobaya pakhosi ngati thinala, ndipo palibe hops amene angabise zimenezo. Sungani pa 18 mpaka 20. Firiji yakale yokhala ndi kachipangizo kolamulira kutentha ndiyo yankho labwino. Ngati palibe, beseni la madzi, mabotolo a ayezi ndi thaulo lonyowa zimathandiza. Ndikanafunsidwa kuti munthu aike ndalama zake pati, pa mphika wonyezimira kapena pa kuziziritsa chidebe, sindikanaganiza kawiri.

Kubwibwita kukachepa, mowa sunapse ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yisiti ikamaliza shuga imabwerera kukatola zinyalala zake, makamaka diacetyl, amene amakoma ngati batala ndipo amaterera pa lilime. Ipatseni masiku, ndipo mukhoza kukweza kutentha ndi madigiri awiri chakumapeto kuti igwire ntchitoyi mwachangu. Woweruza ndi hydrometer, osati kotulukira mpweya. Ikaonetsa nambala yomweyomweyo masiku atatu otsatizana, mwachitsanzo 1.010, ntchito yatha. Chotsani nambala yomaliza pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131: mowa wathu uli pafupifupi 5.2 peresenti.

Gawo lomaliza la hops limalowa m'chidebe momwemo, mowa uli wozizira, ndipo amati dry hopping ngakhale palibe chouma pamenepo. Popanda moto, mafuta onse osalimba aja amasungunuka mu mowa osauluka. Magalamu 80, kutanthauza 4 pa lita, kwa masiku awiri mpaka anayi. Kuwasiya sabata ziwiri sikuwonjezera fungo. Kumangobweretsa kakomedwe ka udzu. Pali msampha wina umene ambiri sauganizira. Hops osawiritsidwa ali ndi maenzayimu awoawo, ochepa, amene amatha kuphwanya zidutswa zazitali za shuga zija zimene yisiti inazilephera. Yisiti imadzuka n'kuyambiranso kudya. Zikachitikira m'chidebe palibe vuto. Zikachitikira m'botolo lotsekedwa, gasi amachuluka mpaka mowa kumatumphuka mukatsegula, mwinanso botolo kuphulika. Choncho mukathira hops amenewa yezaninso musanathire m'mabotolo.

Ndiyeno mpweya uja. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Ndinafulula mowa umene m'chidebe unali wachikasu ngati dzuwa la m'mawa, fungo lake lomveka munthu ali pakhomo. Tsiku lothira m'mabotolo chubu changa chinali chitang'ambika, ndiye ndinangogwiritsa ntchito jagi ndi fanulo, mowa ukuchita kugwa khwaa m'botolo lililonse, thovu mbwee. Patatha milungu iwiri botolo loyamba linali bwinobwino. Pa mlungu wachinayi mtundu unali utasanduka wofiirira ngati madzi a mumtsinje wosefukira, fungo la zipatso litapita, m'malo mwake muli kutsekemera kwachilendo ndi kakomedwe ka katoni yonyowa. Sunali utalowa tizilombo. Unali okosijeni basi. Mowa wakuda wa chimera chowotcha umapirira nkhanza zotere kwa kanthawi, koma mowa wodzaza hops supirira, ndipo hops akachuluka m'pamene umaonongeka msanga.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasintha zinthu zingapo. Sindisamutsiranso mowa m'chidebe chachiwiri kuti ukayere, monga mabuku akale ankalangizira. Kusamutsa kulikonse ndi khomo la mpweya. Sinditsegula chivundikiro kuti ndingosuzumira. Pothira hops omaliza ndimatsegula kamodzi, mwachangu, makamaka yisiti isanagoneretu kuti idye mpweya wolowawo. Pothira m'mabotolo chubu chimafika pansi penipeni, mowa umakwera mwakachetechete wopanda thovu, ndimasiya kampata kochepa pamwamba n'kutseka nthawi yomweyo. Amene ali ndi mathanki achitsulo ndi silinda ya kaboni dayokisaidi ali pabwino kuposa apa, chifukwa amatha kuthamangitsa mpweya wonse m'thanki mowa usanalowe. Koma wa mabotolo naye ali ndi mthandizi: yisiti yotsala m'botolo imadyako okosijeni wina pamene ikupanga gasi.

Gasiyo amachokera ku shuga wowonjezera. Magalamu 5 kapena 6 a shuga wamba pa lita, ndiye kuti 100 kapena 120 pa mowa wonse, osungunulidwa m'madzi owira pang'ono. Yezani pa sikelo, osati ndi supuni kapena ndi maso. Mabotolo akhale pa madigiri 20 kwa milungu iwiri, kenako alowe mufiriji ndipo akhale momwemo, chifukwa kutentha kumafulumizitsa kukalamba kwa mowa.

Mabotolowo akhale a bulawuni. Kuwala kukagunda utomoni wowawa uja kumauswa, ndipo chidutswa chake chimagwirana ndi salifa n'kupanga chinthu chapachibale ndi fungo la kanyimbi. Mphuno ya munthu imachimva ngakhale chitachepa motani. Botolo lobiriwira kapena loyera siliteteza mokwanira, ndipo tambula ya pale ale yosiyidwa padzuwa imayamba kusintha fungo pa mphindi zochepa chabe. Yesani tsiku lina: thirani matambula awiri, imodzi padzuwa, ina pamthunzi, mununkhize zonse pakatha mphindi khumi.

Anthu amakonda kunena kuti mowa umakoma ukakhalitsa. Ndi zoona kwa mitundu ina yamphamvu ndi yakuda, osati uwu. Pale ale amafika pachimake sabata imodzi kapena ziwiri gasi atakwana, ndipo kuyambira pamenepo fungo limatsika tsiku ndi tsiku ngakhale mutachita zonse molondola. Ine ndimalemba deti pa chitsekerero chilichonse, ndipo ndimasiya botolo limodzi kumbuyo kwa firiji mpaka miyezi itatu kuti ndidzalilawe pambali pa latsopano. Likakhala kuti likadali lachikasu ndipo kalalanje kakumvekabe, ndimadziwa kuti tsiku lothira m'mabotolo manja anga anali ofatsa. Likadera, ndimabwerera ku kope langa kukaona kuti chivundikiro chija ndinachitsegula kangati.